Guluu Atasakanizidwa Kale

Mlonda anafika pa macheka akukupiza chipewa kumaso kuti fumbi la matabwa lisamulowe m'mphuno. Anaitana osamveka, mpaka anachita kukoka malaya a munthu amene ankadula m'mphepete mwa matabwayo. Munthuyo pafakitale ponse ankamutcha Utuchi, chifukwa ngakhale tsiku lopuma, atasamba ndi kudzola, ankapezeka nawo m'nsidze.

Utuchi anazimitsa makina n'kuchotsa zotseka m'makutu.

"Kugeti kuli mlendo wa a Mthiko," anatero mlonda. "Poti iwo ali mkati, ndati ndiuze iwe mng'ono wawo."

"Ngati ndi mayi wa nthochi uja, kamuuzeni kuti achimwene ali pabanja. Wosakwatira pano ndinu nokha."

Mlonda sanaseke. "Ndi mwana wawo. Wachisamba uja."

Utuchi anapeza mtsikanayo atagwira zitsulo za geti ndi manja onse. Anali mkazi wamkulu ndithu, wa telala yakeyake, koma tsikulo anabwera ndi patapata wa kubafa, mpango utapendekeka.

"Bambo aang'ono, foni ya abambo ikungoitana."

"Mafoni salowa m'chipinda cha guluu, mwanawe. Mpweya wa mmenemo sufuna kamoto ngakhale kakang'ono. Kwagwanji?"

"Amayi asintha. Anamwino akuti itanani mwamuna wawo. Iwonso akungowatchula."

"Dikira pomwepo," anatero Utuchi, nayamba kuyenda mwachangu kulowera ku nyumba yayitali ya kumbuyo.

A Mthiko anali mkulu wake, bere limodzi. Dzinalo analipeza pantchito, popeza ndiwo ankatakasa guluu. Fakitaleyo inkapanga zitseko ndi matabwa a pamwamba pa matebulo. Ankatenga timatabwa topyapyala ngati chikopa, kutipaka guluu, kutisanjikiza, pamwamba n'kuyala pepala lolimba lonyezimira. Zonsezo ankazilowetsa pansi pa makina opanikiza otentha, amene anthu ankangowatcha Njovu. Njovu ikaponda, ntchito ya manja inali yatha, anthu ankatha kuwongola msana.

Guluuyo ankabwera m'migolo yabuluu, ndipo payekha ankatha kukhala miyezi osauma. Koma akangothiramo mankhwala oumitsa a m'chitini, ankayamba kugwira, ndipo panalibe womubweza. Kuyambira pamenepo anthu anayi a m'chipindamo ankayenda ngati munthu mmodzi. A Mthiko ankathira guluu m'zogudubuza, wina kulowetsa timatabwa, awiri kulandira ndi kusanjika. Mmodzi akachoka, enawo sakanatha. Guluu ankaumira m'zogudubuza, matabwa ankagwirana mokhota, ndipo zonse zinkapita kudzala.

Zinachitikapo kale. Chaka china munthu wolandira matabwa anagogoderedwa kuti mwana wake wagwa pa njinga. Anataya magolovesi n'kuthamanga. Anakapeza mwanayo atasupuka bondo, akudya mango. Kuno guluu anauma ngati mwala, ndipo anthu anakhala akugoba zogudubuza ndi tchizulo pamene ena onse anabwezedwa kunyumba mpaka makina atakonzeka. Atatsegulanso, a Mthiko anaimirira pa nthawi ya nkhomaliro nanena mawu amene aliyense anagwirizana nawo: guluu akasakanizidwa, palibe wogogoda. Uthenga uzidikira Njovu iponde. Silinali lamulo la mabwana, ndipo silinalembedwe pakhoma. Linali lawo, ndipo ankalinyadira. Utuchi mwiniwake, masiku amene ankathandizako mkatimo, anamva za kubadwa kwa mwana wake woyamba Njovu itaponda kale. A Mthiko ndiwo anamuuza, akuvula chophimba kukamwa: "Kasambe m'manja, bambo wa munthu." Chipinda chonse chinaseka.

Chitseko cha chipinda cha guluu chinali ndi kawindo kagalasi. Utuchi anasuzumira. Chitini cha mankhwala oumitsa chinali chitavundikiridwa pansi, chopanda kanthu. A Mthiko anali atawerama pa mgolo, akuyendetsa chotakasira, ndipo timatabwa toyamba tinali kale pakamwa pa zogudubuza.

Utuchi anakweza dzanja kuti agogode, dzanjalo n'kuima m'mwamba.

Alamu ake anali atadwala impso kuyambira nthawi ya mvula. Aka sikanali koyamba kuti kuchipatala aitane. Ulendo wina a Mthiko anathamanga wopanda nsapato imodzi, n'kukapeza mkazi wawo atakhala tsonga akupesa tsitsi. "Mwabwera kudzandinunkhitsa guluu wanuyo," anatero mayiyo, "kapena mwabweretsa malalanje?" Ulendo wina zinalinso chimodzimodzi. Utuchi anakumbukira zimenezo. Anaganizanso za nthawi yotsala kuti Njovu iponde: inali yoti munthu aphike tiyi, amwe, atsuke kapu. Alamu anapirira miyezi yonseyi, akanalephera bwanji kapu ya tiyi?

A Mthiko anadzutsa mutu namuona pagalasi. Anakweza chibwano, kufunsa kuti n'chiyani. Utuchi analoza Njovu, kenako anazunguliza chala: tikambirana mukatha. Maso a mkulu wake anamwetulira pamwamba pa chophimba kukamwa. Anamuingitsa ndi dzanja ngati nkhuku, nabwerera pa mgolo.

Kugeti wachisamba anamuona akubwera yekha.

"Ali kuti?"

"Ali pakati pa ntchito. Iwe tsogola, amayi ako asakhale okha. Ife tikupeza."

"Mwawauza?"

"Andiona," anatero Utuchi.

Mtsikanayo anamuyang'ana pang'ono, kenako anathamangira kumsewu, patapata akulira kumbuyo kwake.

Utuchi sanabwerere pa macheka. Anaima pakhomo pa chipinda cha guluu, akusenda kachikopa kouma pachala. Kapitawo anadutsa atanyamula tepi yoyezera.

"Macheka akudzidula okha lero?"

"Ndili ndi uthenga wa achimwene."

"Khala pansi ndiye, ungatupe miyendo. Lero asakaniza mgolo waukulu. Zitseko za hotela zija akuzifuna sabata ino."

Utuchi anasuzumiranso. Sanali ataona kuti mgolowo unali waukulu, ndiponso kuti mulu wa timatabwa unkafika m'mapewa. Anakwezanso dzanja. Koma tsopano theka la matabwa linali litapakidwa, likudikira pa ngolo, lonyowa. Kugogoda pamenepa kunali koipa kuposa poyamba paja. Anadziuza kuti patsala pang'ono. Anadziuzanso choncho mulu utafika m'chiuno, anadziuzanso utafika m'mawondo. Mithunzi ya migolo panja inafupika mpaka inalowa pansi pa migoloyo.

Potsiriza pansi panagwedezeka, nthunzi inafwemphuka m'mbali mwa makina. Njovu inali itaponda. Chitseko chinatseguka ndipo fungo lakuthwa linatuluka limodzi ndi a Mthiko.

"Wakhala ukundilondera ngati mkazi wansanje," anatero akuvula magolovesi. Golovesi limodzi linali litang'ambika, zala zitatuwa ndi guluu. "Lankhula."

"Alamu asintha. Akukuitanani kuchipatala."

A Mthiko sanapite pa mpopi. Sanavule ovolosi, sanatenge foni. "Wabwera ndani?"

"Wachisamba."

"Liti?"

"Posachedwapa."

M'minibasi anthu anayamba kutsegula mawindo. Mayi wina anatseka mphuno ndi kansalu. "Abambo, mwagwera mu penti?" anafunsa kondakitala, koma ataona nkhope zawo anasiya. A Mthiko ankangosenda guluu m'zala, timakoko toyera tikugwera pa mawondo.

"Ameneyu andipha ndi mtima," anatero pakati pa njira, osayang'ana mng'ono wawo. "Ukaona, tikamupeza akufunsa malalanje."

"Tikawapeza," anatero Utuchi.

Mu wodi ya amayi munali bedi limodzi lozunguliridwa ndi makatani. Wachisamba anali atakhala pansi pafupi ndi khoma, atafukata beseni la mayi ake, m'besenimo muli sopo, kapu ndi chipeso. Sankalira mokweza. Ataona bambo ake anangopukusa mutu.

Namwino anatsegula katani pang'ono. "Pepani, bambo. Angotisiya kumene."

A Mthiko analowa. Anatambasula dzanja kuti agwire nkhope ya mkazi wawo, koma ataona zala zokakala ndi guluu anatembenuza dzanjalo, n'kumukhudza patsaya ndi kuseri kwake. Tsaya linali likadali lofunda. Anakhala choncho nthawi yaitali. Utuchi anaima kunja kwa katani, akuona nsapato za mkulu wake pansi pa nsaluyo.

Atatuluka, mwana wawo analankhula ali pansi pomwepo.

"Munatani, abambo? Ine ndinabwera, ndinabwerera, ndinawapeza akadali kulankhula. Ndinawauza kuti mukuvula ovolosi. Anaseka. Anati, 'Bambo akowo akayamba kusamba m'manja, phala limazizira.' Kenako anangoti maso pakhomo. Aliyense wolowa ankadzutsa mutu. Wokolopa, wa mankhwala, aliyense."

"Unabwera liti?"

"Dzuwa lisanafike pamutu. Si bambo aang'ono anakuuzani?"

A Mthiko anatembenuka nayang'ana mng'ono wawo. Sanamuyang'ane mwaukali. Anamuyang'ana ngati mmene ankayang'anira thabwa lotuluka mu Njovu, kufuna kuona pamene lakakamuka. Kenako anawerama, natenga beseni m'manja mwa mwana wawo.

"Dzuka, mayi. Tikauze anthu."

Masiku a maliro Utuchi sanakhale pansi. Ndiye anakabwereka mipando, ndiye anawaza nkhuni, ndiye ankalandira alendo kumsewu ndi kuwaperekeza. Anzawo a kufakitale anabwera ndi bokosi limene anakhoma okha, losalala moti anthu ankalisisita podutsa. Palibe anatchula za pakhomo pa chipinda cha guluu. Mlonda yekha, pogwirana chanza ndi Utuchi, anayang'ana kumbali. Wachisamba ankapatsa aliyense madzi osamba m'manja, koma akafika pa bambo ake aang'ono ankaika jagi pansi n'kupitirira.

Anthu atabalalika, madzulo ena dzuwa likadalipo, Utuchi ankasanjika mipando yobwereka kuseri kwa nyumba. Mtsikanayo anatuluka kudzayanula zovala. Pa chingwe panali madiresi a mayi ake, amene anawachapa kuti awapinde komaliza.

"Mwanawe," anayamba Utuchi.

"Ine sindine mwana, bambo aang'ono. Mukanandiuza kuti simunawauze, ndikanalowa ndekha. Ndikanaswa galasi lanulo ndi mwala."

"Pali lamulo lathu kuntchito..."

"Ndikulidziwa. Ndakula nalo. Koma inu si munagwirapo ntchito mkatimo? Simudziwa kuthira guluu? Mukanakung'untha utuchi wanuwo, kuvala zoyera, n'kukaima pamalo pawo. Matabwa anu akanagwira, iwonso akanafika."

Utuchi anaika pansi mpando umene ananyamula. Zimenezo sizinamufikire m'mutu tsiku lija. Zovala zoyera za wolowa m'malo zinkakhala pa msomali pafupi ndi chitseko chomwecho, ndipo iye anali ataziyedzamira nthawi yonse ija. Anangoona njira ziwiri, kugogoda kapena kudikira, chifukwa ndi zokhazo zimene anthu ankazitchula.

Mtsikanayo anakolekera madiresi paphewa nalowa m'nyumba.

A Mthiko anali atakhala pa njerwa pafupi ndi mpopi, ndipo anamva zonse. Anali ataonda m'khosi. Anakodola mng'ono wawo kuti akhale pa njerwa ina.

"Zitseko zija zinagwira?" anafunsa.

"Achimwene..."

"Ndikufunsa za ntchito. Zinagwira?"

"Zinagwira."

"Zonse?"

"Zonse. A hotela anatenga dzana."

A Mthiko anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino. Zikanafufuma ndikanadandaula kawiri."

Mpopi unkadontha m'chidebe. Utuchi anati, "Ndimenyeni kaya, achimwene. Nditukwaneni. Kukhala chete kwanuku sindikukutha."

"Ndikutukwane chiyani? Lamulo lija analibweretsa ndani? Ndinaimirira ndine, supuni ili m'manja. Ukanagogoda, mwina ndikanakukalipira pamaso pa anthu."

"Koma mukanatuluka."

A Mthiko anayang'ana madzi a m'chidebe.

"Sindikudziwa," anatero. "Ndikagona ndimadziika pa mgolo paja. Ndimakuona ukugogoda, ukundiuza. Tsiku lina ndimataya chotakasira n'kuthamanga. Tsiku lina ndimayang'ana mulu wa matabwa, ndimakumbukira malalanje aja, n'kunena kuti dikira Njovu iponde. Iwe uli ndi chako chokudya mumtima, ine ndili ndi changa. Usandipemphe kuti ndisenze zonse."

"Nanga mwanayu?"

"Msiye. Anauza mayi ake kuti ndikubwera, mayi ake anamukhulupirira. Chimenecho sichichoka ndi pepani."

Masiku opuma a maliro atatha, a Mthiko anabwerera kuntchito. Anzawo anawalandira mwakachetechete, wina kuwagwira paphewa, wina kuwasungira malo pa benchi. A Mthiko anavala zoyera, anasiya foni m'kabati, analowa. Utuchi anali pa macheka, koma maso ake sankachoka pa chitseko chija.

Sipanapite nthawi, kapitawo anatuluka nabwera kudzamukodola.

"Tabwera uone mkulu wako."

Mkatimo anthu atatu anali ataima pamalo pawo, magolovesi m'manja, timatabwa tili tayale. A Mthiko anali pa mgolo, chitini cha mankhwala oumitsa chitatsegulidwa, atachipendeketsa pamwamba pa guluu. Sankathira. Dzanja linangoima, ndipo maso awo anali pa kawindo ka pachitseko.

"Akhala choncho kuyambira tilowe," ananong'ona wolandira matabwa. "Tikawalankhula akuti dikirani kaye."

"A Mthiko," anatero kapitawo mofatsa, "kunja kulibe munthu. Ndachokera komweko."

"Panopa kulibe," anayankha. "Nanga ndikathira?"

A Mthiko anawongola chitini, anachitseka bwinobwino, nachiika pa shelefu. Anavula chophimba kukamwa.

"Bwana kapitawo, ndipatseni ntchito ya pabwalo. Kusanja matabwa, kutsitsa migolo, chilichonse."

"Pabwalo ndi pa anyamata, bambo. Dzuwa, mvula. Msana wanuwo?"

"Pabwalo geti limaoneka."

Kapitawo anakanda m'mutu. Anayang'ana mgolo, anayang'ana mulu wa timatabwa, kenako anayang'ana Utuchi. "Wina wodziwa kusakaniza pano ndiwe. Sindikukakamiza. Koma ukakana, lero tonse tikupita kunyumba."

Utuchi anapita pa mpopi. Anakung'untha tsitsi, anasamba kumaso ndi m'khosi, anatsitsa zovala zoyera zija pa msomali. Zinali zazikulu pang'ono m'mapewa. Atafika pa kabati anatulutsa foni m'thumba, n'kuima nayo m'manja. Kunyumba anasiya mwana wake wamng'ono akutentha thupi. Sizinali zoopsa, mkazi wake anati ndi mano chabe. Komabe chala chake chinakana kuchoka pa foniyo.

A Mthiko anali atavala kale ovolosi yakale ya pabwalo. Anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno."

Utuchi anawapatsa. A Mthiko anaiika m'thumba la pachifuwa, natseka batani.

"Uthire pang'onopang'ono, chotakasira chikuyenda. Usathire pakati, uthire m'mbali. Ukaona wayamba kukoka ngati uchi, usachedwenso."

"Ndamva, achimwene."

"Ikalira ndidzagogoda," anatero a Mthiko. "Kutuluka kapena kusatuluka, udzaona wekha."

Anatembenuka n'kupita kubwalo, kumene lole inali itayamba kubwerera chammbuyo ndi migolo yatsopano. Utuchi analowa, wolandira matabwa anatseka chitseko. Anatsitsa chitini pa shelefu, anayatsa chotakasira, nayamba kuthira m'mbali mwa mgolo.